Galu wa ku Chawama ndi bilu ya K2,800: kodi kupempha pa foni kuli ndi phindu?

Linali Lacitatu m'mawa, basi yathu itaima pa mzere wa mamotoka mu Kafue Road. Tinakhala anai-anai monga mwa masiku onse, mawondo atagunda mpando wa kutsogolo. Ine maso anali pa foni. Ndinali kulemba, kufafaniza, kulembanso. Bambo wina wa ovolosi ya buluu amene anakhala kumanja kwanga anali kuwerenga nane limodzi, pakuti mudziwa kale kuti mu minibasi foni ya mnzako ndi nyuzipepala ya mpando wonse.

Nditafika pa mau akuti "galu wathu adwala", bamboyo anakangiwa kuugwira mtima.

"Ba sister, munikhululukile, naona cabe. Mupempha ndalama za galu? Galu wamene uja wa mucila?"

Ndinati inde.

"Awe sure. Ise bantu tikangiwa na kugula Panado, imwe mufuna galu akagone pa bedi ku cipatala?"

Kondakitala anaseka mpaka kuiwala chenji ya munthu. Amai ena kumbuyo, atafukata beseni ya impwa, anati asiyeni, galu naye ndi moyo. Mnyamata wa mahedifoni anacotsa imodzi kukhutu nati iye anatumizapo K50 kwa mwana wodwala pa Facebook, pambuyo pake anamva kuti mwanayo kulibe. Pofika mu tauni basi inali itagawika pawiri, ndipo ine ndinaseluka ndisanayankhe kanthu.

Papita miyezi itatu. Lero ndifuna kuwayankha bambo aja, cifukwa funso lao litikhudza tonse, olo amene tilibe galu. Tsegulani ma status pa WhatsApp yanu manje-manje muli pa mpandopo. Wina apempha za opaleshoni, wina za fizi ya ku koleji, wina za bokosi la maliro, wina za lendi. Pansi pake pali nambala ya Airtel Money kapena MoMo, ndi mau aja akuti "kalikonse kamene muli nako". Ambiri a ife tinatumizapo. Ena tsiku lina tidzapempha. Ine ndinapempha, ndipo ndinalemba m'kabuku ngwee iliyonse imene inalowa.

Mlonda wosalandira malipiro

Galuyo si wanga. Ndi wa amai aang'ono, mng'ono wao wa amai anga, amene akhala ku Chawama. Amuna ao anamwalira zaka zisanu zapitazo, ndipo cimene cidyetsa nyumba ija ndi khola la nkhuku za malonda kuseri. Amaika anapiye 100, pakatha masabata asanu ndi limodzi agulitsa, alipira lendi ndi fizi, agulanso anapiye ena. Moyo uyenda conco.

Khola la nkhuku mu komboni popanda galu lili ngati kantemba kopanda citseko. Mu 2024, pamene madzi anacepa mu Kariba ndipo malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse, maneba awiri anabedwa nkhuku usiku. Kwa amai aang'ono akawalala anafika pa mpanda kawiri, ndipo kawiri konse anabwerera manja ali m'thumba cifukwa ca Danger. Kampani ya alonda amai sangaikwanitse. Danger malipiro ake ndi nsima yotsala ndi mitu ya nkhuku.

Mu February, mvula ili pakati, Danger anasiya kudya. M'mawa mwake anangogona pansi pa tebulo la panja, osauwa ngakhale ana a sukulu. Tsiku lotsatira nkhama zake zinayera ngati pepala, mkodzo uli wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Dokotala wa ziweto atapima magazi anati ndi matenda a nkhupakupa. Nkhupakupa ikaluma galu imasiya tizilombo timene timalowa m'magazi ndi kumaswa maselo ofiira, galu n'kumatha magazi akali kuyenda. Mukawapeza msanga matendawa, nyeleti imodzi kapena ziwiri zimakwanira. Ife Danger tinacedwa naye. Anafunika diripu, mankhwala, ndi kugona komweko masiku atatu. Bilu inafika K2,800.

Amai aang'ono anali ndi K600 pa foni, ndipo ndiyo tinapereka kuti diripu iyambe. Ndalama zina zonse zinali m'khola, nkhuku zili ndi masabata atatu, zosagulitsika. Cilimba cao cinali kudzawafika mu April. Ku village banking anali kale ndi nkhongole ya fidi. Wa kaloba wa mu mseu mwao anati pa K2,200 adzabweza K3,300 pakutha kwa mwezi, ndipo TV ikhale cikole.

Apa ndi pamene mwana wao womaliza, wa pa koleji, anati: "Mami, tiyeni ticite GoFundMe. Bazungu bakonda agalu maningi."

GoFundMe ilibe booth mu Lusaka

Dzina ili timalichula ngati kuti ndi booth ya pa kona, koma ocepa adziwa mmene iyendera. GoFundMe ndi kampani ya ku America imene inayamba mu 2010. Munthu atsegula tsamba, alemba vuto lake, aika cithunzi ndi ndalama imene afuna, ndipo anthu apereka ndi makhadi a ku banki. Ku America pa copereka ciliconse amadulapo 2.9 peresenti ndi masenti 30. Wina akapereka madola 10, masenti 59 safika kwa wopempha.

Vuto lalikulu kwa ife lili potapa. Kuti mulandire ndalamazo mufunika akaunti ya banki, adiresi ndi ziphaso za dziko limodzi mwa maiko amene kampaniyo igwirako nchito, monga America, Britain, Canada ndi Australia. Zambia palibe pa mndandandawo. Ndiye cifukwa cake mukaona tsamba la GoFundMe la munthu wa kuno, kawiri-kawiri analitsegula ndi m'bale wa ku London kapena ku Texas. M'baleyo ndiye alandira ndalama, n'kuzitumiza kuno pa Mukuru kapena WorldRemit, ndipo pamenepo palinso machaji. Abale athu a kunja amaligwiritsa nchito pobweretsa maliro kwao, ndipo pa zotere limathandizadi, pakuti opereka ali komweko ndi makhadi ao m'thumba. Ife ku London tilibe m'bale. Wathu ali ku Kitwe.

Anzathu a ku Kenya ali ndi M-Changa, imene inamangidwa pa mwambo wao wa harambee ndi M-Pesa. Ku South Africa kuli BackaBuddy. Ambiri a ife kuno timayendera njira ya pafupi: cithunzi, mau ocepa, nambala ya foni. Njira imeneyi ilibe ofesi, ilibe wofufuza ngati nkhaniyo ndi yoona, ilibenso wobweza ndalama zikapita kolakwika.

Ndiye zimene ndinali kulemba mu basi muja. Ndinaika cithunzi ca Danger ali pa diripu, cithunzi ca bilu, ndi nambala ya amai aang'ono. Tinapempha K2,200.

Zimene zili m'kabuku

Pa masiku anai panalowa K1,740 kucokera kwa anthu 27.

Status yanga inaonedwa ndi anthu pafupifupi 300. Pa Facebook ma like anapitirira 140, ndipo twamanja twopemphera tunadzaza makomenti. Tiwathokoza onse, koma pa kauntala ya dokotala salandira twamanja.

Usiku wina ndinakhala pansi ndi amai aang'ono kuwerenga maina limodzi-limodzi. Pa anthu 27 aja, 24 ndi anthu amene amai angakumane nao pa nyumba ya maliro. Azimai asanu ndi atatu a ku chalichi anaponya ma K20 ndi ma K30. Anzanga a ku nchito asanu anaponyako, ena mwina cifukwa tikhala ofesi imodzi ndipo adziwa kuti ndidzaona. M'bale wa ku Kitwe anatumiza K400. Mai wina wa lesitilanti ya pa msika, amene amagula nkhuku khumi sabata iliyonse, anatumiza K200 nalemba kuti, "Galu akafa, nkhuku zizabedwa, ine nizagula kuti?" Neba amene anabedwa nkhuku mu 2024 anabweretsa K100 pa manja, nati Danger akauwa amadzutsa mzere wonse wa nyumba, ndiye kuti ndi mlonda wao naonso.

Alendo eni-eni, amene sitidziwa ngakhale nkhope zao, anali atatu. Wina K20, wina K50, wina K100. Zonse pamodzi K170. Ndiye kuti pa K10 iliyonse imene inalowa, K9 inacokera kwa anthu amene tidziwana nao kale. Azungu okonda agalu aja sitinaone ndi mmodzi yemwe.

Mukaganiza bwino, palibe codabwitsa. Status ya pa WhatsApp imaonedwa ndi anthu okhawo amene munasungana nao manambala, ndipo pakatha maola 24 imazima. Pa Facebook positi yanu iyamba kuonekera kwa anzanu, ndipo kuti ipite patali ifunika munthu wa otsatira ambiri aigawe. Conco pempho lanu limalemera monga mmene foni yanu ilili. Wa ku Kabulonga amene m'foni mwake muli mamanenjala ndi madokotala angapeze K20,000 dzuwa lisanalowe. Wa ku Kanyama amene m'foni mwake muli anzake a pa Soweto Market adzapeza ma K10, ngakhale vuto lake likhale lalikulu kuposa la uja. Foni imangotenga mbale ija timazungulitsa pa maliro n'kuithamangitsa, koma oponyamo ndi omwe aja.

Ngakhale ku America kwao kwa GoFundMe zili conco. Akatswiri awiri a pa University of Washington, Nora Kenworthy ndi Mark Igra, anafalitsa kafukufuku mu 2022 atasanthula mapempho a za cipatala oposa 437,000 a pakati pa 2016 ndi 2020. Anapeza kuti pa mapempho 100 alionse, osakwana 12 ndi amene anafika pa ndalama imene anafuna, ndipo 16 sanalandire ngakhale senti. Anapezanso kuti madera osauka, kumene anthu ambiri alibe inshuwalansi, ndi amene anali kusonkha zocepa. Ife timamva nkhani za amene analandira mamiliyoni, pakuti ndi zimene zimayenda. Za amene anapempha n'kungolandira ma like palibe amazigawa.

Kwa ife panatsala K460. Onjezanipo taxi yopita ndi yobwera, cifukwa galu wodwala kondakitala sangamukweze. Onjezaniponso machaji otapira pa booth, ndi kamsonkho kamene boma linaika mu 2024 pa kutumizirana ndalama pa foni. Kali kang'ono, koma aliyense wotumiza anakalipira.

K460 ija inatha motani? Amai aang'ono anangopita kwa dokotala, nafotokoza kuti nkhuku zidzakula pakatha masabata atatu. Dokotala anavomera kuti adzamalize pamenepo, popanda kuonjezapo kanthu. Ndinadzifunsa cifukwa cake sitinayambe ndi funso limeneli tisanaike nkhope ya banja lonse pa intaneti.

Mtengo umene sulembedwa pa bilu

Tsiku laciwiri la pempho, foni yanga inalira cakumadzulo. Anali amalume a ku Matero.

"Iwe, nakuona pa Facebook. Ambuye ako ku Katete bafuna magalasi ya maso caka conse, palibe anaikapo status. Manje galu ndiye mwaika? Mwatinyazitsa."

Ndinafuna kuwauza za nkhuku, za lendi, za akawalala. Koma mau anandithera, pakuti pa za ambuye anakamba zoona. Pempho la poyera limaonetsa anthu vuto lanu, komanso limawaonetsa zimene munazisiya osapempha.

Amalume anali oyamba cabe. Wogulitsa fidi amene amai anali naye nkhongole ya K300 anaona positi, ndipo m'mawa mwake anali pa geti, ati wamva kuti ndalama zalowa. Anthu amaona zolowa, zotuluka sawerenga. Ku chalichi ena anayamba kuwaitana kuti "amake Danger", moseka, koma amai sizinawakomere. Nambala yao, imene kale inali kudziwika kwa acibale ndi makasitomala cabe, inakhala ya dziko lonse. Amuna acilendo anayamba kutuma foni usiku, ati afuna kudziwa mmene galu wagonera.

Kenaka panabwera meseji yooneka ngati ya netiweki, yakuti mwalandira K1,000. Pasanathe mphindi ziwiri mwamuna wina anatuma foni akulira, ati walakwitsa nambala, ndalamayo ndi ya mwana wodwala, conde bwezani. Amai anali atayamba kale kudina. Mwana wao ndiye anawalanda foni nati ayambe aona balansi. Munalibe K1,000 iliyonse.

Coipa kwambiri cinacitika tsiku lacitatu la pempho. Mnzanga wa ku nchito anabwera pa desiki yanga atanyamula foni. "Iwe, amai ako bang'ono ni bamuna? Nafuna kutumiza, dzina yabwela ni ya mwamuna." Wina anali atatenga cithunzi ca Danger ndi mau anga onse, mpaka kamene ndinalakwitsa sipelo, n'kuika mu gulu lina la pa Facebook ndi nambala yake. Tinalipota, positi inacoka madzulo. Amene anatumiza kumeneko, ndalama zao zinapita, ndipo m'mitima mwao akali kuganiza kuti anathandiza galu wa ku Chawama.

Ukawalala wotere uli konse. Mu 2017 ku America mwamuna ndi mkazi wa ku New Jersey anafalitsa nkhani yakuti munthu wina wogona mu mseu anapereka madola 20 ake omaliza kuti mkaziyo agule mafuta a motoka. Anthu anakhudzidwa nasonkha madola oposa 400,000. Pambuyo pake zinadziwika kuti nkhaniyo inali yopeka, onse atatu anaimbidwa mlandu, ndipo GoFundMe inabwezera opereka ndalama zao. Kuno palibe kampani yotero pakati pa inu ndi wakuba. Kutenga ndalama za munthu mwa bodza ndi mlandu m'malamulo a Zambia, ndipo mungalipote ku polisi, ku netiweki yanu ndi ku ZICTA. Koma ndalama ikatapidwa pa booth, kuibweza ndi nchito yaikulu.

Nanga tipemphe kapena tisapemphe?

Kwa ife, ndikaika zonse pa sikelo, phindu linalipo. Tikanapita kwa wa kaloba tikanataya K1,100 ya pamwamba, mwinanso TV. Tikanamusiya Danger, tikanataya mlonda wa nkhuku 100, ndipo galu watsopano amatenga miyezi kuti adziwe nchito. Koma zinatheka cifukwa zinthu zingapo zinagwirizana, ndipo si nthawi zonse zimagwirizana.

Coyamba, ndalama inali yocepa, yodziwika, ndiponso ya kamodzi. Anthu amaponya mosavuta akaona pepala lolembedwa K2,800 ndi tsiku lake. Lendi ya mwezi ndi mwezi, kapena matenda ofuna mankhwala caka conse, status siingasenze. Mwezi woyamba anthu adzatumiza, waciwiri adzaika twamanja, wacitatu adzayamba kudumpha status yanu.

Caciwiri, amai aang'ono ndi munthu wa anthu. Pa maliro alionse a mu mseu mwao ndi amene ayamba kufika ndi poto. Ndiye musanaike positi, tengani pepala mulembe maina a anthu amene muli ndi cikhulupiriro kuti angabwere inu mutagonekedwa m'cipatala. Ikani K50 pa dzina lililonse. Ngati zonse pamodzi sizifika ngakhale hafu ya bilu, intaneti siidzadzaza hafu inayo. Funani njira ina pambali.

Cacitatu, yambani mwafunsa mtengo m'malo awiri kapena atatu. Pa za ziweto, sukulu ya madokotala a ziweto ya pa UNZA mu Great East Road ili ndi kiliniki yolandira anthu wamba. Kulinso maofesi a boma a za ziweto m'maboma, ndi bungwe la Lusaka Animal Welfare Society limene lisamalira agalu ndi amphaka. Funsani ngati mungalipire pang'ono-pang'ono. Kufunsa kulibe chaji. Pa za munthu wodwala, yambani ndi NHIMA. Inshuwalansi imeneyi inabwera ndi lamulo la mu 2018, ndipo wa pa nchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro, abwana ake naonso aikapo 1 peresenti. Wodzisebenzera yekha, kaya wa pa msika kaya kondakitala, angalembetse nayenso. Zipatala zikulu-zikulu za boma zili ndi ofesi ya social welfare, ndipo ambiri timaipitirira osagogoda.

Cacinai, cepetsani bwalo. Ndikanati ndiyambenso lero, Facebook sindikanaikhudza. Ndikanatsegula kagulu ka WhatsApp ka anthu 30, n'kupeza pafupifupi ndalama yomweyo, popanda wakuba, popanda mafoni a usiku. K170 ya alendo ija inabwera pamodzi ndi mavuto onse amene ndafotokoza. Walira mvula walira matope.

Cacisanu, tsekani nkhani. Ndalama ikakwana nenani kuti yakwana. Ikani lisiti poyera, thokozani aliyense, nenani za chenji ngati yatsala. Ambiri amapempha mokuwa koma akalandira amangoti zii, ndipo ndi amene acititsa kuti wopempha wa mawa asakhulupiriridwe.

Kwa inu opereka, malangizo ndi ocepa. Musanaike PIN werengani dzina limene labwera, muone ngati ligwirizana ndi nkhani. Ngati mumudziwa munthuyo, tumani foni mumve liu lake, cifukwa maakaunti a WhatsApp ndi Facebook amabedwa. Ngati n'kotheka lipirani ku kiliniki kapena ku sukulu komweko. Kwa mlendo perekani ndalama imene simungalire nayo mukadzamva kuti linali bodza.

Pali cinanso cimene dokotala anatiuza potulutsa Danger, ndipo cinatiwawa kuposa bilu. Mankhwala osambitsira galu kuti nkhupakupa zife, ndalama yake pa mwezi siifika mtengo wa nkhuku imodzi. Anafunsanso kadi ya katemera wa ciwewe, amai n'kuyang'ana pansi. Lamulo la Control of Dogs Act lifuna kuti galu alasidwe katemera ameneyu, ndipo 28 September caka ciliconse ndi tsiku lokumbutsana za ciwewe pa dziko lonse. Ciwewe cikaonekera mwa munthu sicicira. Danger akanaluma mwana wa neba alibe kadi, tikanakamba za bilu ina imene status siingalipire.

Kupatsa ndi kuika

Danger anabwera kunyumba atawonda, nthiti zili poyera, koma sabata yaciwiri anayambanso kuuwa ana a sukulu. Nkhuku zinagulitsidwa, K460 ya dokotala inalipidwa, wa fidi anapatsidwa yake.

Mu April cilimba ca amai aang'ono cinafika. Mwezi womwewo mmodzi wa azimai a ku chalichi aja anataya amuna ake. Neba wa K100 uja mwana wake anabwezedwa ku koleji cifukwa ca fizi. Mai wa lesitilanti anabedwa foni mu basi ndi ndalama za malonda. Onse atatu anaika ma status, ndipo amai sakanadumpha ngakhale imodzi. Pofika lero atumiza K550, ndipo maina 21 akali m'kabuku.

Ndinawafunsa ngati adandaula. Anaseka.

"Mwana wanga, ine sininapemphe, ninakongola. Ni kaloba cabe yamene ilibe interest. Koma siisila."

Akulu anati kupatsa ndi kuika. Amene anaponya K20 pa galu wathu anaika, ndipo tsiku lao likafika adzabwera kudzatenga. Munthu amene alibe mtima wobweza asayambe n'komwe kupempha, pakuti Lusaka ioneka yaikulu muli pa windo ya basi, koma m'foni ndi kamudzi kang'ono.

Za magalasi a ambuye ku Katete, tinatsegula kagulu ka banja, anthu khumi ndi awiri, amalume ndiwo asungi a ndalama. Zinakwana m'masiku asanu, ndipo palibe wa kunja anadziwa.

Kwa bambo wa ovolosi ya buluu, ngati nyuzipepala iyi yakufikani pa mpando wa kumbuyo: munafunsa bwino, ba boss. Panado wa munthu ayenera kubwera patsogolo. Koma nyumba ija Panado amagulidwa ndi ndalama ya nkhuku, ndipo nkhuku zimafika m'mawa cifukwa ca galu. Tsopano amai aang'ono akaika anapiye 100, powerenga phindu amawerenga 98. Ziwiri ndi za Danger, ndalama yake imalowa m'kacitini ka pamwamba pa kabati, ya mankhwala a nkhupakupa ndi katemera. Akuti cithunzi ca galu wao pa foni za anthu safuna kucionanso.